Mafunso ndi mayankho: maluwa a golide pa zovala za m'tauni, monga momwe telala wa ku Salima amawaonera

Ndimasoka zovala kuno ku Salima, chapafupi ndi msika wa Kamuzu Road. Zithunzi zimene achinyamata amandionetsa m'mafoni masiku ano zimafanana kwambiri: jekete yakuda yodzaza ndi maluwa achikasu opotanapotana, pansi jinzi yotaya ndi nsapato zoyera. Mafunso amene amabwera nazo amafanananso, ndiye ndawasonkhanitsa pano ndi mayankho anga. Maganizo anga sindibisa: kavalidwe aka ndi kokongola, tingathe kukasoka konkuno ndi manja athu, ndipo sikafuna chizindikiro chabodza cha kampani ya ku Italy kuti kaoneke bwino.

Atelala, maluwa opotanapotana amenewa ndi chiyani, nanga anachokera kuti?

Ambiri mwa iwo si maluwa ayi, ndi masamba. Kuli chomera china cha m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean chotchedwa acanthus, chamasamba aakulu osongoka m'mbali, chimene Agiriki ndi Aroma akale ankachisema pamwamba pa nsanamira za nyumba zawo. Tsamba limenelo ndilo mukuliona litapindika pa malaya aja, pamodzi ndi zigoba za nkhono, zingwe zolukana, mitu ya mikango ndi zisoti za mafumu.

Kakongoletsedwe kodzaza chonchi kamatchedwa Baroque. Kanayambira ku Rome cha m'ma 1600, nthawi imene Mpingo wa Katolika unkafuna matchalitchi oti munthu akalowamo agwire pakamwa. Katswiri wotchuka kwambiri wa nthawiyo anali Gian Lorenzo Bernini, amene pakati pa 1623 ndi 1634 anamanga denga lalikulu lamkuwa pamwamba pa guwa la tchalitchi cha St Peter's, litakhala pa nsanamira zinayi zopotoka. Kenako mafumu anatengera. Louis XIV wa ku France anasamutsira likulu lake ku Versailles mu 1682, ndipo chipinda chake chotchuka cha magalasi, chotalika mamita 73, chili ndi magalasi 357 ndi golide kulikonse kumene diso lingagwe. Amuna a panyumba ya mfumuyo ankavala malaya opetedwa ndi ulusi wa golide ndi nsapato za zidendene zofiira. Choncho amene amanena kuti maluwa pa malaya ndi za akazi sanamve mbiri yake.

Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti mzere woongoka mulibe, zonse n'zokhota, koma kumanja ndi kumanzere zimafanana ndendende. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo imasiyanitsa chovala chosokedwa bwino ndi chosokedwa mwachisawawa.

Nanga zinthu za m'tchalitchi ndi m'nyumba za mafumu zinafika bwanji pamsana pa anyamata a m'tauni?

Njira zake ndi ziwiri, ndipo zinadzakumana mochedwa.

Yoyamba ndi ya Gianni Versace, mwana wa mayi wosoka madiresi wa ku Reggio Calabria kum'mwera kwa Italy. Anatsegula kampani yake ku Milan mu 1978, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatenga masamba a golide aja n'kuwadinda pa malaya a silika, golide pa nsalu yakuda. Oimba a hip hop ku America monga Tupac Shakur ndi The Notorious B.I.G. anayamba kuvala malaya amenewa. Kwa mnyamata wakuda wokulira m'dera losauka, kuvala golide wa mafumu pathupi kunali kuuza dziko kuti nanenso ndafika. Versace anaphedwa ku Miami mu 1997, mlongo wake Donatella n'kupitiriza ntchito, ndipo mu 2017 anabwezeretsa zodinda zakale zija pokumbukira zaka 20 za imfa ya mchimwene wakeyo. Zambiri zimene zadzaza m'misika yathu lero ndi zotengera zimenezo.

Njira yachiwiri ndiyo imandikhudza mtima, chifukwa ndi ya telala mnzathu. Daniel Day, wodziwika kuti Dapper Dan, anatsegula shopu ku Harlem mu mzinda wa New York mu 1982. Makampani aakulu sankafuna kumugulitsa katundu wawo, ndiponso sankasoka zovala zimene achinyamata a kuderalo ankafuna. Iye anaphunzira kudinda yekha zizindikiro za Gucci, Louis Vuitton ndi Fendi pa zikopa, n'kumasoka majekete otaya a masitayilo amene makampaniwo anali asanawaganizeko. Mike Tyson ndi LL Cool J ankavala za iye. Makampani anamutengera kukhoti, shopu inatsekedwa mu 1992. Patatha zaka 25, mu 2017, Gucci inaonetsa jekete yofanana kwambiri ndi imene iye anasokera wothamanga Diane Dixon mu 1989. Anthu anakwiya, ndipo mapeto ake Gucci inagwirizana naye n'kumuthandiza kutsegulanso malo osokera ku Harlem.

Chaka chomwecho cha 2017 Louis Vuitton inatulutsa zovala pamodzi ndi Supreme, kampani ya anyamata otsetsereka pa timatabwa ta mateyala imene inayamba ku New York mu 1994. Mu 2018 Louis Vuitton inapereka udindo wokonza zovala za amuna kwa Virgil Abloh, mwana wa makolo ochokera ku Ghana. Kuyambira pamenepo mpanda wa pakati pa zovala za anthu olemera ndi zovala za mumsewu unagweratu. Juzi yachipewa inalowa m'mashopu a ku Paris, golide wa ku Versailles n'kutsikira pa sikipa.

Koma si kungotengera za azungu kumeneku?

Funso ili ndimalilemekeza, ndipo akuluakulu ndi amene amakonda kulifunsa. Yankho langa n'lakuti zimatengera chimene mwachita nazo. Chitenje chimene timati n'chathuchathu chinayenda ulendo wautali: kadindidwe kake kanachokera ku batik ya ku chilumba cha Java ku Indonesia, kanadzera ku Netherlands kumene kampani ya Vlisco inayamba mu 1846, kenako kanafika ku Africa. Mpaka pano amayi akafuna chitenje chabwino amati akufuna java. Palibe amene angaime lero n'kunena kuti chitenje si chathu, chifukwa tinachivala, kuberekera ana, kulira nacho maliro ndi kuvina nacho mpaka chinakhala chathu.

Anzathu a ku Brazzaville ndi Kinshasa, amene amatchedwa ma sapeur, anatenga suti ya ku Paris n'kuisandutsa chinthu china chimene Mfalansa sangachivale chimodzimodzi. Papa Wemba anali mmodzi wa atsogoleri awo. Amene munakhalako ku Joni munaonanso izikhothane, anyamata a m'malokeshoni a kufupi ndi Johannesburg ovala malaya a maluwa owala ndi nsapato zodula za ku Italy.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife tili ndi zokongoletsa zathu zodzaza ngati Baroque yomweyo, koma sitiziyang'ana. Pitani ku Nkhotakota tsiku Lachisanu muone mizuli imene abambo amavala popita ku mzikiti, ndi mapetedwe a pakhosi pa mikanjo yawo. Luso limenelo linabwera ndi amalonda a Chiswahili a nthawi ya Jumbe, kuyambira m'ma 1840, pamodzi ndi nsalu ndi mikanda, ngakhale tonse tikudziwa kuti malonda omwewo ndiwo ankagulitsa anthu athu ukapolo. Pitani ku Mua, kum'mwera kwathu kuno mukatsata msewu wa M5, muone zosema za ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Onani mphande ya mafumu, kalukidwe ka nkhokwe ndi malichero, mphini za agogo athu, maukonde a asodzi a ku Senga Bay, mamba a chambo. Tsamba la chinangwa kapena la papaya, mutalijambula lopindika kumanja ndi kumanzere mofanana n'kulipeta ndi ulusi wachikasu pa nsalu yakuda, silingachite manyazi pambali pa acanthus. Ntchito yotere ndikaipeza ndimaigwira mosangalala kuposa ina iliyonse.

Chenjezo limodzi: zilombo za Gule Wamkulu si zokongoletsera sikipa mwachibwana. Zili ndi eni ake. Kambani ndi akuluakulu a kudambwe musanadinde.

Ndingasakanize bwanji kuti ndisaoneke ngati ndavala katani ya pabalaza?

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Sankhani chovala chimodzi choti chiyankhule, zinazo zikhale chete. Ngati malaya ali a golide, buluku likhale lakuda kapena jinzi yopanda zolembalemba, nsapato za mtundu umodzi. Ngati jekete ndiyo yodzaza, m'kati muvale sikipa yoyera kapena yakuda yopanda chithunzi. Malaya ndi kabudula wa nsalu imodzimodzi zimatheka kunyanja, koma pamenepo musawonjezere tcheni, chipewa cha maluwa ndi lamba wa chitsulo chachikulu.

Chachiwiri ndi kadulidwe. Nsalu ikhale ya kunyumba ya mfumu, koma kadulidwe kakhale ka mumsewu: mapewa otsika pang'ono, thupi lotaya, kolala yogona, zipi m'malo mwa mabatani ambirimbiri. Nsalu ya maluwa ikasokedwa mothina ndi kolala yolimba ya suti imakalambitsa munthu.

Chachitatu, kwa amene mukuyamba kumene, golide akhale wochepa. Kansalu kamodzi pamapewa a jekete ya jinzi, mzere wa zala zitatu kutsika m'mbali mwa buluku, m'kati mwa chipewa cha juzi, kapena pa thumba la pachifuwa basi. Munthu akakuonani amayamba waona chovala wamba, kenako diso lake n'kugwera pa golide. Ineyo ndimakonda zimenezi kuposa chovala chowala thupi lonse.

Ndi kutentha kwa kuno, zovala zimenezi n'zovalika?

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Zithunzi zimene mumaziona zimajambulidwa ku Milan ndi ku London, kumene jekete yolemera ili ndi ntchito. Kuno mu Okutobala ndi Novembala ngakhale sikipa imalemera. Malaya ambiri a maluwa a golide a mumsika ndi a poliyesitala, nsalu imene siyamwa thukuta ndipo imasunga fungo. Mukakwera kabaza kuchokera kudepoti dzuwa lili paliwombo, pofika kumene mukupita malaya amakhala atamatirira kumsana.

Pa nyengo yotentha funani thonje, visikosi (nsalu yofewa yopangidwa kuchokera ku mitengo) kapena silika weniweni ngati mwamupeza, ndipo malaya akhale a manja aafupi, otaya, opanda nsalu ya m'kati. Thonje timalima tokha m'boma lino, ndipo palibe nsalu ina imene imagwirizana ndi thupi la munthu wa kunyanja kuposa imeneyi. Nsalu zolemera, za veleveti ndi zoluka maluwa otukuka, zisungireni Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba madzulo. Jekete yanu idzavalidwa miyezi iwiri kapena itatu pachaka, ndiye ganizani bwino musanaikepo ndalama zambiri. Kawirikawiri ndimalangiza jekete yopanda manja, chifukwa imavalika nthawi yaitali.

Nsalu yake ndingaipeze kuti?

Pa kaunjika, koma osati pa mulu wa malaya. Pitani pa mulu wa makatani, nsalu za pabedi, zovundikira mapilo, nsalu za patebulo ndi mipango ya amayi. Makatani akale a ku Ulaya ambiri ndi oluka, kutanthauza kuti maluwa ake sanadindidwe pamwamba koma analukidwa ndi ulusi m'kati mwa nsalu momwemo. Mukatembenuza mumaona maluwa omwewo mitundu itasinthana. Makina oluka chonchi anawakonza Joseph Marie Jacquard ku Lyon mu 1804, ndipo nsalu zake sizisuluka msanga ngati zodinda. Katani imodzi yaitali imakwana jekete ndi chipewa.

Poisankha itambasuleni padzuwa. Katani imene inakhala zaka pawindo imakhala ndi mizere yosuluka m'mapindo ake, ndipo pamizere imeneyo ulusi umakhala utafooka. Kokani pang'ono ndi manja awiri. Ikalira ngati ikufuna kung'ambika, isiyeni. Pewaninso ija yokhala ndi mphira kumbuyo, yotchinga kuwala, chifukwa mpweya sudutsa.

Tsiku lotsegula belo ndilo labwino, ndipo ndi bwino kudziwana ndi amayi ogulitsa kuti akusungireni mipango. Nsalu za pa mita, zingwe za golide zosokerera m'mphepete ndi mabatani achitsulo zimapezeka m'mashopu a nsalu ku Old Town ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Sari ya Amwenye yakale nayonso ndi chuma: m'mphepete mwake mumakhala mzere wa golide wautali woti mungakongoletsere zovala zingapo.

Ndingadziwe bwanji kuti mpango ndi wa silika weniweni?

Sololani timaulusi tochepa m'mphepete, mutenthe ndi machesi. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera, amazima yekha, ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Thonje ndi visikosi zimanunkha ngati pepala loyaka. Pemphani kaye mwini katundu musanayese.

Akuti mipango ingasanduke malaya. Zimatheka bwanji?

Zimatheka, ndipo ndiyo njira yapafupi yopezera malaya ooneka ngati a ku Milan popanda kunamiza munthu. Mipango ikuluikulu ya makona anayi nthawi zambiri imakhala ndi chithunzi chachikulu pakati ndi mpendero wa masamba kuzungulira. Umodzi umakhala kumsana, chithunzi chili pakatikati pa mapewa. Wina timaudula pakati kuti ukhale mbali ziwiri za kutsogolo, mpendero ukutsika motsatira mabatani. Manja ndi kolala zimachokera pa wachitatu, kapena pa nsalu yakuda wamba. Mipango siyenera kukhala yofanana ndendende, bola mitundu yake igwirizane.

Luso lonse lagona pa kudula. Ndanena kale kuti Baroque imafuna kumanja ndi kumanzere zifanane. Ngati tsamba la kumanja lili pa bere, la kumanzere likhalenso pa bere, osati kukhwapa. Mukamanga mabatani, chithunzi chikumane pakati ngati sichinadulidwe. Izi zimadya nsalu yambiri ndi nthawi yambiri, chifukwa chidutswa chilichonse chimadulidwa pachokha, nsalu isanapindidwe pawiri. Telala wothamanga amapinda, kudula kamodzi, n'kukupatsani malaya a mutu wa mkango wodukira pa msoko.

Nsalu yoterera imafuna singano yaing'ono, ya nambala 70 kapena 60, ndi misoko yobisa m'mphepete kuti isayoyoke. Katani yoluka ndi jinzi zimafuna singano ya 90 kapena 100, ndipo m'mphepete mwake muyenera kupita ovaloko musanalumikize, apo ayi imayamba kusosoka pa kuchapa koyamba. Makina athu opalasa ndi mwendo a Singer ndi Butterfly amaigwira bwinobwino ntchito yolumikiza zidutswazi, ngakhale magetsi atazima.

Ndagula malaya olembedwa Versace pamsika. Ndi orijino?

Ngati ndi atsopano, ali m'pulasitiki, ndipo pali ena khumi ofanana nawo pa hang'ala, ndi feki. Malaya a silika enieni a kampaniyo amagulitsidwa madola mazanamazana, ena kupitirira 1,000, ndipo safika pa benchi ya pamsika ali mulu. Pa kaunjika pokha ndi pamene mwayi umagwa nthawi zina. Yang'anani kansalu ka m'kati kolemba mtundu wa nsalu ndi dziko limene anasokera, onani ngati misoko ili yowongoka ndi yaing'onoing'ono, ngati chithunzi chikukumana pa mabatani, ndiponso ngati nkhope ya Medusa, mkazi wa tsitsi la njoka amene ndi chizindikiro chawo, ili yooneka bwino osati yofufutika.

Sindinyoza munthu wovala feki. Aliyense amagula chimene thumba lake lalola. Koma mukandipempha kuti ndisokerere chizindikiro cha kampani ina pa chovala chimene ndasoka ine, ndimakana. Masamba a acanthus, nkhono ndi zingwe zolukana zilibe mwini, zakhalapo zaka mazana ambiri ndipo aliyense angazigwiritse ntchito. Dzina la Versace, nkhope ya Medusa monga iwo amaijambulira, ndi zilembo za Gucci kapena Louis Vuitton zili ndi eni, ndipo kuno kwathu kuli lamulo la zizindikiro za malonda la 2018 ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Kupatula za malamulo, taonani zimene zinamuchitikira Dapper Dan: luso lonse lija linali lake, koma poti pa zovalazo panali mayina a eni ena, anamutsekera shopu ndipo anakhala zaka zambiri ntchito yake ili mobisa. Ngati ndinu wachinyamata amene mukuyamba kusoka kapena kudinda, ikani dzina lanu pakhosi pa chovala kuyambira tsiku loyamba, ngakhale litakhala lolembedwa pa kansalu koyera.

Ndikufuna kudinda chithunzi changa pa masikipa. Njira yabwino ndi iti?

Choyamba dziwani kuti golide wa pa malaya otchuka aja si wonyezimira. Ndi utoto wachikasu, wofiirira ndi woyera woikidwa moyandikana kotero kuti diso limaona ngati chitsulo chowala. Wojambula wodziwa mithunzi angathe kupanga golide ndi mitundu itatu yokha.

Kudinda kodutsitsa utoto pa sefa ndiko kumagwirizana ndi thonje, ndipo kumalimba. Mtundu uliwonse umafuna sefa yake, ndiye kumatchipa mukamadinda masikipa ambiri a chithunzi chimodzi. Kudinda kotenthetsa utoto kuti ulowe mu ulusi, kumene amapangira majezi a mpira, kumadzaza chovala chonse ndipo sikusuluka, koma kumagwira pa poliyesitala woyera yekha, ndiye tabwereranso ku vuto la thukuta. Zomata ndi moto, makamaka zonyezimira ngati pepala la golide, zimakongola sabata zoyamba kenako zimayamba kusweka, ndipo chithunzi chikakhala chachikulu pachifuwa chimatentha ngati mwavala jumbo.

Kupeta ndiko kumaposa zonse. Kumachedwa, koma sikutha msanga, ndipo kumapatsa ntchito amayi ndi abambo odziwa singano amene tili nawo kale m'midzi yathu ndi m'magulu a kumpingo ndi kumzikiti.

Nanga ife atsikana?

Achemwali, zonse ndanenazi ndi zanunso. Jekete yaifupi ya katani yoluka pamwamba pa diresi yakuda wamba, mpango wa golide kumutu ndi sikipa yoyera ndi jinzi, kapena siketi yaitali ya maluwa ndi nsapato zamasewera. Amene mumavala zofunda thupi lonse, mkanjo wakuda wopetedwa golide m'manja ndi kutsogolo ndi Baroque kale, mungowonjeza nsapato zoyera.

Chitenje ndi nsalu ya golide zimatha kukhalira limodzi, koma zimafuna nsalu ya mtundu umodzi pakati pawo yozilekanitsa, ndipo chitenjecho chikhale cha mitundu iwiri kapena itatu, umodzi mwa iyo ukhale wachikasu kapena wakuda.

Amayi athu sanakhale ndi ufulu umenewu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Ndikamadula buluku la mtsikana ndimakumbukira kuti amene anandiphunzitsa kusoka sakanaloledwa kuchita zimenezi poyera.

Ndingavale kuti, nanga ndisavale kuti?

Ku phwando la ukwati, ku chinkhoswe, pa Idi, pa Khirisimasi, kojambula kanema wa nyimbo, ndi ku zoimbaimba za kunyanja ngati Sand Music Festival imene yachitikapo kangapo ku Senga Bay, valani mosaopa. Ku ukwati kumbukirani kuti tsikulo ndi la eni ake, musawale kuposa mkwati. Kutchalitchi ndi kumzikiti kansalu ka pa kolala kapena pa thumba n'kokwanira. Kumaliro ayi. Kokaonekera kwa apongozi koyamba, kapena kubwalo la amfumu, valani zoti anthu amve mawu anu, asatanganidwe ndi malaya.

Tcheni changa chada ndipo pakhosi patuluka zidzolo. Chalakwika n'chiyani?

Tcheni cha mtengo wotsika chimakhala cha mkuwa kapena chitsulo china chokutidwa ndi golide wopyapyala kwambiri. Thukuta la mchere limadya chikutocho, mkuwa n'kusiya zobiriwira pakhungu. Zidzolo kawirikawiri zimabwera ndi chitsulo cha nickel chimene matupi a anthu ambiri sagwirizana nacho. Chivuleni, ndipo zikapanda kutha pitani kuchipatala. Golide weniweni amakhala ndi nambala pa kokolowekera: 375, 585 kapena 750, siliva 925, ngakhale achinyengo amadindanso nambala zomwezo. Ngati ndalama ndi zochepa, chitsulo chosachita dzimbiri chimapirira thukuta bwino. Musasambe nacho m'nyanja. Ndipotu mikanda yachikasu ndi yakuda yolukidwa konkuno imakhala bwino pa malaya amenewa kuposa tcheni chosuluka.

Chifukwa chiyani mumatchula mtengo wokwera kuposa malaya wamba?

Chifukwa nsalu imalowa yambiri pofananitsa maluwa, kudula kumatenga nthawi yoti ndikanadula malaya a sukulu angapo, ndipo jekete imafuna nsalu ya m'kati, zipi yolimba ndi lasitiki ya m'chiuno ndi m'manja. Kunenerera ndi mwambo wathu, sindikukana. Koma funsani telala wanu akuwerengereni padera mtengo wa nsalu, wa zipangizo ndi wa manja ake, kuti muone pamene mungachepetse. Mukabwera ndi katani yanu ndi jekete ya jinzi ya pa kaunjika yoti tingoikongoletsa, mtengo umatsika kwambiri. Bweraninso ndi chovala chimene chimakukhalani bwino kuti tiyezerepo, ndipo ngati ndi za Khirisimasi kapena Idi musadikire sabata yomaliza.

Ndizichapa bwanji kuti golide asathe?

Ndi manja, m'madzi ozizira, chovala chitatembenuzidwa kunja kukhala m'kati. Sopo akhale wochepa ndipo asungunuke kaye m'madzi. Musanyike usiku wonse, musamenyetse pamwala, musapotokole pofinya, ndipo mankhwala oyeretsa ngati Jik asayandikire silika kapena ulusi wa golide. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa la kuno limasandutsa chakuda kukhala chotuwa m'nyengo imodzi. Jekete ya katani siyifuna kuchapidwa kawirikawiri: ipukuteni pakhosi ndi m'khwapa ndi kansalu konyowa, muipachike pamphepo.

Posita, simbi ya makala ndiyo imawononga zovala zambiri zotere. Dikirani moto utsike, yesani kaye pa kansalu kena, ikani chitenje chakale pamwamba ndipo musite chakumbuyo. Zomata zisakhudzane ndi simbi ngakhale pang'ono. Veleveti sasitidwa, amangofuna nthunzi ya madzi otentha. Nyengo ya dzinja musasunge zovalazi m'jumbo kapena pansi pa sutikesi, chifukwa chinyontho cha kunyanja chimabweretsa nkhungu ndipo chimadetsa ulusi wa golide. Zipachikeni pa hang'ala, muzivundikire ndi chitenje chouma, ndipo muzizitulutsa pamphepo kukacha bwino.